Zakuthambo Zokhomedwa ndi Manja

Amene anagonapo pa Kacholola amalidziwa phokoso la lole yolemedwa ikamalimbana ndi mapiri usiku, ikuchokera ku mlatho wa Luangwa kulowera ku Nyimba ndi Petauke. Imabuula, n'kupuma, n'kubuulanso, ngati ng'ombe yokalamba imene aikakamiza goli. Ndili mwana ndinkagona ndikumvera kubuula kumeneko, ndipo kukacha ndinkakutsanzira ndi pakamwa ndikuyendetsa galimoto yanga yamawaya m'mbali mwa msewu wa Great East. Patapita zaka zambiri, muphwa wanga ku Lusaka anandionetsa pa kompyuta sewero la pa wailesi ya kanema la ku Britain lotchedwa Doctor Who. Mmenemo munali bokosi labuluu limene limazimiririka pang'onopang'ono anthu akuona, ndipo pozimiririkapo limabuula. Ndinaseka ndekha. Chamumtima ndinati, iyi ndi lole ya kwathu ija.

Kubuulako anakupanga mu 1963 Brian Hodgson, mnyamata amene ankagwira ntchito ku Radiophonic Workshop, chipinda cha BBC chopangira mamvekedwe achilendo ku Maida Vale mu London. Anamupempha phokoso la chombo chong'amba nthawi ndi thambo. Chombo chotere palibe anachimvapo, ndiye poonera panalibe. Hodgson anatenga kiyi wa chitseko cha kunyumba kwa amayi ake, napita pa piyano yakale yophwasuka imene inangotsala mafupa, n'kukwekwesa kiyiyo pa nsambo za mawu aakulu. Anajambula pa tepi. Tepiyo anaichedwetsa, pena n'kuiseweretsa chobwerera m'mbuyo, n'kuchititsa kuti mawu aziyankhana mmene phiri limayankhira munthu akakuwa m'chigwa.

Akanatha kupanga kulira kosalala, kwa mluzu, koti mwana aliyense angati ndiko kulira kwa zam'tsogolo. Iye anasankha chitsulo chokhulana ndi chitsulo chinzake. Khutu la munthu limadziwa kulemera. Limasiyanitsa njinga yopanda kanthu ndi njinga yosenza matumba atatu a makala pachikweza, mwini wake asanatulukire pakona. Ukamva bokosi lija umadziwiratu kuti chinthuchi n'chakale, chikuvutika, ndipo mwina lero sichifika kumene chikupita. M'seweromo ndi mmene zililidi. Mwini wake, Doctor, mlendo wochokera ku dziko lina lakuthambo, anachita kuba chombocho chili chotha kale, ndipo kawirikawiri chimakamutula kumene sanafune. Papita zaka zoposa 60 tsopano. Nkhope ya Doctor yasintha kambirimbiri, makamera asintha, nyimbo aikonzakonza, koma kiyi wa mayi uja akadakwekwesabe nsambo zomwe zija.

Seweroli linayamba kuonetsedwa pa 23 Novembala 1963, tsiku lotsatira kuphedwa kwa John F. Kennedy. Woyendetsa ntchito anali Verity Lambert, wa zaka 27 zokha, ndipo situdiyo imene anamupatsa ku Lime Grove inali yopanikiza, yotentha, ya makamera okalamba. Ndalama zinali zowerengeka. Chombocho, chimene dzina lake ndi TARDIS, chinayenera kumasanduka malinga ndi kumene chatera: m'nkhalango chikhale mtengo, paphiri chikhale mwala. Kutero kukanafuna kukhoma chinthu chatsopano pa ulendo uliwonse. Ndiye olemba anangoti kachipangizo kosandutsa kanafa chombo chili mu London wa 1963, chitavala thupi la kanyumba ka telefoni ya apolisi, ndipo chinakakamira pomwepo mpaka lero. Tinyumba timeneti tinali m'misewu yambiri ya ku Britain, tabuluu, ta nyali pamwamba, poimbira kupolisi pakagwa vuto. Tinatha apolisi atayamba kuyenda ndi mawailesi am'manja. Pamene BBC ndi apolisi a Metropolitan anadzalimbirana chithunzi cha bokosilo, ofesi yoona zizindikiro za malonda inagamula mu 2002 mokomera BBC. Bokosi lobwereka linali litaiwala mwini wake.

Kunja ndi kanyumba koti anthu awiri angapanikizanemo. Ukatsegula chitseko umapezeka m'chipinda chachikulu choyera, chimene anachilinganiza Peter Brachacki: makoma a timaenje tozungulira, pakati tebulo la mbali zisanu ndi imodzi lodzaza mabatani, ndipo pakatikati pa tebulolo chubu choonekera m'kati chimene chimakwera ndi kutsika chombo chikakhala paulendo. Anthu a m'seweromo akalowa koyamba amatulukanso, kuzungulira bokosilo, kugogoda makoma, n'kubwerera kukamwa kuli yasa. Ine sindinadabwe kwenikweni. Tinakula tikumva za lichero lonyamula anthu khumi usiku umodzi kuchoka ku Petauke kukafika ku Joni, n'kubwerako tambala asanalire. Zoti ndimakhulupirira kapena ayi tizisiye. Chimene ndikuona ndi chakuti amene anayamba kusimba nkhani imeneyo anali ndi luso lomweli. Chinthu chachilendo anachisiya, n'kutola chiwiya chimene mayi aliyense amapetera mphale, chopachikika pakhoma la khitchini, kuti ukachiona masana mtima uzidumpha pang'ono. Mwana wa ku London ankadutsa bokosi la apolisi popita kusukulu ndi mtima womwewo.

William Hartnell, amene anayamba kusewera ngati Doctor, anaonjezerapo kanthu kamene mmisiri wa matabwa sakanatha. Anaumirira kuti batani lililonse pa tebulo lija likhale ndi ntchito yake yosasintha. Lotsegulira chitseko sabata ino likhalenso lotsegulira chitseko sabata yamawa, chifukwa ana amaona ndipo saiwala. Paokha mabatani aja sankayendetsa chombo chilichonse. Dzanja la nkhalambayo ndilo linawapatsa ntchito, popita pamalo pake mosafunafuna, mmene dzanja la dalaivala wa basi ya ku Chipata limapezera giya maso ali pamsewu.

Koma mmisiri amene ndimamuombera m'manja koposa onse ndi Raymond Cusick.

Terry Nation, wolemba wa ku Cardiff amene anakula m'nthawi ya nkhondo ya Hitler, analemba za zolengedwa za pa dziko la Skaro zimene nkhondo ya mabomba a nyukiliya inazipundula mpaka zinalowa m'zigoba zachitsulo, n'kumadana ndi chamoyo chilichonse chosafanana nazo. Dzina lake Dalek. Chigobacho ndicho chipangizo chenicheni, pakuti ndi galimoto, mfuti, nyumba ndi chipatala pamodzi. Nation anapempha chinthu chimodzi, kuti chisaoneke ngati munthu amene wangovala chovala. Anali ataonerako ovina a ku Georgia a masiketi ofika pansi, amene amayenda ngati akutsetsereka, mapazi osaoneka. Ntchito yojambula inayenera kupita kwa mnyamata wina wa ku BBC, Ridley Scott, yemwe anadzapanga filimu ya Alien, koma masiku ake anawombana ndi ntchito ina, ndipo inagwera Cusick.

Cusick anayambira pa munthu wokhala pansi. Anaganizira kaye woyendetsa ali pampando, kenako n'kumuzinga ndi chigoba. Nzeru yonse yagona pamenepo. Zilombo za m'mafilimu a nthawi imeneyo zinkaululika ndi miyendo: ungachiveke mutu woopsa bwanji, chikangoponda phazi, mwana wa zaka zisanu wadziwa kuti m'katimo muli bambo wina amene akamaliza akwera basi kupita kwawo. Munthu wokhala pansi ndi wamfupi, alibe mapewa, alibe mawondo, ndipo maso a woonera amasowa poyambira kumufunafuna. Amene anaonapo zilombo zazikulu za gule wamkulu kwa anzathu Achewa ku Katete zikutuluka mwezi ukuwala amawadziwa mantha amene amabwera chinthu chikamayenda iwe osaona choyendetsa. Pamenepo ndisapitirire, si nkhani ya pabwalo.

Tachiyang'anani kuyambira pansi. Siketi ya mbali zopendekeka yofika mpaka pansi, yokhala ndi mizere ya timipira togamula pakati. Pachifuwa ndodo ziwiri. Khosi la sefa, m'mene woyendetsa amaonera kunja iye osaoneka. Pamwamba mutu wonga mbale yovundikira, wokhala ndi diso limodzi pa ndodo. Nkhope palibe, ndiye palibe poti uwerenge ngati chakwiya kapena chamva chisoni. Kampani ya Shawcraft ku Uxbridge inakhoma zigoba zinayi. M'kati munali pokhalira, pansi timawilo tonga ta mpando wa mu ofesi, ndipo woyendetsa ankapalasa pansi ndi mapazi, manja ali pa ndodo, thukuta lili kamukamu. Tsiku lina pa chakudya chamasana, pofuna kuonetsa mnzake mmene chiziyendera, Cusick anatenga kabotolo ka tsabola n'kukatsetsereza patebulo.

Dzanja anafuna likhale lachitsulo, logwira ngati la nkhanu. Ndalama zinakana. Anaikapo mphira uja wa pandodo umene amapopera sinki kapena chimbudzi chamadzi chikatsekeka, wogula m'sitolo wamba. Munthu wina akanachita nawo manyazi n'kuubisa kumbuyo. Iwo anauika patsogolo penipeni. Pa 21 Disembala 1963, kumapeto kwa gawo, mphunzitsi Barbara, amene ankaseweredwa ndi Jacqueline Hill, wasochera m'makonde a mzinda wachitsulo. Kamera ikukhala diso la chilombo. Oonera sakuona thupi lake, akungoona mphira uja ukuyandikira, mayi watsamira khoma, wakuwa, nyimbo yotsekera yalowa. Dziko linadikira sabata yathunthu kuti lione mwini wa mphirawo. Nkhani ya ma Dalek isanathe, oonera anali atakwera kuchoka pa mamiliyoni pafupifupi 7 kufika poposa mamiliyoni 10.

Ndaganizira nthawi yaitali chifukwa chimene chinthu choseketsa chotere chimaopsera. Dzanja limapereka moni, limalandira ndi ulemu, limapempha, limasisita mwana. Ngakhale dzanja la chigawenga lili ndi zala zoti tsiku lina zingatambasuke. Mphira uja sungachite chimodzi mwa zimenezi. Ungathe kukankha ndi kuyamwa basi. Nation analemba za mtundu umene unataya chifundo, ndipo kusowa kwa ndalama kunaupatsa chiwalo choyenerana nawo kuposa chimene Cusick anajambula poyamba. Anthu anauseka mphirawo zaka 40. Seweroli litabwerera mu 2005, wolemba Robert Shearman anaika munthu wina woti auseke pamaso pa Dalek, ndipo mphirawo unamumata kumaso n'kumuphwanya mutu. Sanasinthe chiwiyacho. Anangoonetsa ntchito yake.

Mawu ake ndi a anthu awiri, Peter Hawkins ndi David Graham, amene ankakhala pambali ndi maikolofoni, mawu awo n'kumadutsa m'kabokosi kotchedwa ring modulator, kamene kamanjenjemeretsa liwu maulendo 30 pa sekondi. Koma kabokosiko pakokha sikakwanira. Mvetserani bwino ndipo mumva kuti Dalek amayamba chiganizo ali pansi n'kumakwera, kumakwera, ngati munthu wotsekeredwa m'chipinda chopanda zenera amene mantha ake asanduka ukali. Zimenezo ndi za pakhosi pa munthu. Ndiye poti zigoba zinayi n'zofanana ndipo zilibe pakamwa, woonera adziwa bwanji chimene chikulankhula? Anaika tinyali tiwiri pamutu, tothwanima motsatira mawu. Woyendetsa m'kati muja ndiye ankatiyatsa ndi kutizimitsa, motero ankaloweza mawu onse a sewero ngakhale liwu lake silinkamveka ndipo nkhope yake sinkaoneka. Mfuti ikaombera, panalibe moto wojambula. Ankatsegula diso la kamera mopitirira muyeso mpaka chithunzi chitembenuke, choyera chide, chakuda chiyere, munthu n'kugwa. Mtengo wake unali kupotoza kachitsulo kamodzi.

Nation, poti anali wolemba wodziimira payekha, anali ndi umwini pa ma Dalek, ndipo zidole, mabuku ndi mafilimu awiri a 1965 ndi 1966 zinamulemeretsa. Cusick anali wantchito wa pamwezi. Anamupatsa mapaundi 100 a zikomo, nkhani n'kuthera pomwepo. Anamwalira mu 2013. Izi zimandiwawa, mwina chifukwa ndinakula ndikuona amisiri a zitini amene koloboyi wawo waunikira mudzi wonse koma dzina lawo silidziwika kuseri kwa phiri. Tsiku lina pa msika wa Nyimba ndinaonetsa chithunzi cha Dalek pa foni kwa mkulu wina wokhoma ndowa ndi mbaula.

“Atate, ichi mungachikhome?”

Anachiyang'ana nthawi yaitali, akukulitsa chithunzi ndi zala zakuda ndi mwaye.

“Mwana wanga, kukhoma si nkhani. Malata atatu ndi beseni limodzi, chatha. Koma amene anaganiza zoti munthu akhale pansi m'katimo, ameneyo ndiye mmisiri. Nanga pa chitunda chimakwera bwanji?”

Anafunsa funso limene anthu a ku Britain anasekera ma Dalek kwa zaka 25, loti chilombo chofuna kulanda thambo lonse chimagonja pa masitepe. Yankho linabwera mu 1988, pamene Dalek anaonetsedwa akuyandama kukwera masitepe a m'chipinda chapansi cha sukulu. Ine ndimakondabe wa mawilo uja. Woyandama ndi wamphamvu, koma wa mawilo ukamuona akubwera m'khonde umamva kuti pansi pakunjenjemera.

Chida chimene ana ambiri amachidziwa lero ndi sonic screwdriver, kandodo kolowa m'thumba la jekete, kogwira ntchito ndi mawu. Kanaoneka koyamba mu 1968 m'nkhani ya Fury from the Deep, yolembedwa ndi Victor Pemberton, Doctor ali Patrick Troughton. Ntchito yake inali imodzi, yomwe dzina likunena: kumasula sikuluwu osaikhudza. Kukongola kwake kunali pamenepo. Ngwazi za m'mafilimu ena zimanyamula mfuti, uyu ananyamula chida cha makanika. Kamene Jon Pertwee, Doctor wotsatira, anadzagwira m'zaka za m'ma 1970 sikanali katsopano n'komwe, kanali kotsala ku filimu ya zidole ya Thunderbirds Are Go ya 1966.

Apa ndiye ndili ndi dandaulo. Kandodoka kanayamba kukula mtima. Lero katsegula loko, mawa kaphulitsa mabomba okwirira, mkuja kapima matenda. Wolemba akamutsekera Doctor m'ndende n'kusowa potulukira, ankangopisa m'thumba. John Nathan-Turner, woyendetsa seweroli m'zaka za m'ma 1980, anatopa nazo, ndipo mu 1982, m'nkhani ya The Visitation, chilombo china chinakaombera kandodoko n'kupsa. Ndikuona kuti anachita bwino. Nthano zathu zimadziwa lamulo limeneli: chithumwa chilichonse chili ndi chizimba chake ndi choletsa chake, usadye chakuti, usatembenuke, usauze mkazi wako. Popanda choletsa palibe nthano, pali kungodzitama. Kandodoka katabwerera kanayambiranso matama ake, koma olemba anakapatsa malire amodzi amene amandisangalatsa: pa mtengo sikagwira. Kangathe kuzimitsa makina a mtundu wolamulira nyenyezi, koma chitseko cha mukwa chokhala ndi mpiringidzo chikaimitsa.

Sikuti zonse zinkatheka bwino. Mu 1975, m'nkhani ya The Ark in Space, dzanja la munthu amene akusanduka chilombo analikulunga ndi pulasitiki ya timatuza ija yokutira katundu wosweka, n'kuipaka utoto wobiriwira. Nthawi imeneyo inali yachilendo, lero aliyense amene anagulapo foni amaizindikira, ndipo mantha amathera m'kuseka. Ma Cyberman a 1966, anthu osandutsidwa makina amene anawaveka Sandra Reid, anali ndi nkhope za nsalu ndi manja a munthu osavala kanthu, ndipo kwa ine amaopsa kuposa a zitsulo zonyezimira amene anabwera pambuyo, chifukwa umaona chimene chatsala cha munthu. Chiwiya chobwereka chili ndi tsiku lake loululika. Mmisiri wabwino amatola chimene, ngakhale chitaululika, chimakhalabe ndi mphamvu. Mphira wa sinki unapirira, pulasitiki ya timatuza sinapirire.

Opanga a masiku ano, amene ali ndi ndalama ndi makompyuta, anazindikira kumene kukoma kunkachokera, ndipo anayamba kuchita dala zimene akale ankachita chifukwa cha kusowa. Tebulo la TARDIS la mu 2010 linali ndi taipilaita, mipopi ya madzi otentha ndi ozizira, belu la pa hotela ndi lipenga la galamafoni. Mu 2011, m'nkhani ya Neil Gaiman, Doctor akumanga chombo kuchokera ku zidutswa za zombo zakufa, ndipo tebulo lake analijambula mwana wa sukulu amene anapambana mpikisano wa pulogalamu ya ana ya Blue Peter. Seweroli linayambira pamalo otayirapo zitsulo ndi mipando yothyoka, pa Totter's Lane, ndipo silinachokepo kwenikweni.

Zonsezi zinafikako kuno. M'zaka za m'ma 1960 BBC inkajambula magawo a Doctor Who pa filimu ya mamilimita 16, n'kumagulitsa m'zitini ku maiko ena, ndipo Zambia inali m'gulu la ogula pamodzi ndi Nigeria, Ghana, Kenya ndi Uganda. Zitinizo zinkachoka pa siteshoni ina kupita pa ina, dziko ndi dziko. Oonera anali a ku Migodi ndi ku Lusaka, kumene kunali wailesi ya kanema. Ku Kacholola kunali mwezi ndi nthano za agogo.

Komatu m'masiku omwewo Lusaka inali ndi mmisiri wake wa zakuthambo. Edward Mukuka Nkoloso, msilikali wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mphunzitsi, womenyera ufulu wa chipani cha UNIP, anakhazikitsa Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Mu 1964, chaka cha ufulu, ankaphunzitsa achinyamata pa famu ina kunja kwa mzinda. Ankawalowetsa mu mgolo n'kuwagubuduza pachitsetso kuti azolowere kuzungulira, ankawakweza pa katungwe kuti alawe kupepuka kwa thupi. Chombo chake, D-Kalu 1, chinali chonga mgolo, cha aluminiyamu ndi kopa. Anati atumiza ku Mars mtsikana ndi amphaka awiri, ndipo anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni, amene sanabwere. Atolankhani akunja anabwera ndi makamera kudzaseka. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, ana a kwawo kwa atolankhaniwo ankabisala kuseri kwa mipando poona anthu okhala m'zigoba, opalasa ndi mapazi, akuwoloka mlatho wa Westminster ndi mphira wa sinki patsogolo. Namwali Serpell, amene analemba za Nkoloso mu The New Yorker mu 2017 n'kumulowetsanso m'buku lake la The Old Drift mu 2019, anafunsa ngati mkuluyu sankadziwa bwino lomwe sewero limene ankachita, ndi amene ankawaseka. Ndikayang'ana chisoti chake cha usilikali ndi nsalu yake ya pamapewa, ndimaona munthu wodziwa kuti chovala ndi chiwiya zikakhala m'manja oyenera zimalankhula. Chimene analibe ndi situdiyo.

Situdiyo inadzapezeka mochedwa. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema, ya atsikana anayi a mu Lusaka wam'tsogolo amene zida zawo amazitenga kumalo obisika a Mama K. Chaka chomwecho Ncuti Gatwa, wobadwira ku Kigali, anakhala Doctor, ndipo pa sonic screwdriver yake analembapo mwambi wa ku Rwanda m'zilembo zozungulira za kwawo kwa Doctor.

Zitini za filimu zija zili ndi nkhani yake. BBC inafufuta matepi ambiri akale kuti ijambulirepo zina, ndipo magawo oposa 90 anasowa. Ena amene alipo lero anapulumukira kunja, m'mashelefu a masiteshoni amene anaiwala kubweza kapena kuwotcha. Mu 2013 Philip Morris analengeza kuti wapeza magawo asanu ndi anayi osowa m'chipinda china cha siteshoni ya ku Jos, ku Nigeria. Fury from the Deep sinapezeke. Magawo ake onse asanu ndi limodzi anapita, kupatula tizidutswa tochepa, motero tsiku limene sonic screwdriver inatuluka koyamba m'thumba palibe angalionenso mmene linalili. Chinatsala ndi mawu, chifukwa achinyamata ena ankajambula seweroli pa matepi kunyumba kwawo likamaonetsedwa. Umamva mafunde a nyanja, umamva Troughton akulankhula, kenako kakulira kakang'ono.

Ulendo wapitawu ndinatsika basi pa Kacholola dzuwa litapendeka. Pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi panali kamnyamata koyendetsa lole yamawaya, yoposa zonse zimene ine ndinapangapo. Mawilo anali a zitsekerero za mabotolo zomangidwa ziwiriziwiri, kutsogolo kunali tinyali ta tochi yakufa tolumikizidwa ku batire ya foni, ndipo tinkayakadi. Pamwamba pa kabini anamangirirapo supuni yapulasitiki yoloza kutsogolo, kumapeto kwake atamatapo kachitsekerero kofiira. Pakamwa pake pankatuluka kubuula kuja, kupuma, kubuulanso.

“Iwe, nanga supuniyi ndi ya chiyani?” Ndinatero ndikutambasula dzanja.

Anabweza lole yake msanga ndi chiwongolero, n'kundiyang'ana ngati munthu wosadziwa kanthu.

“Amalume, musakhudze kutsogoloko. Chimaombera.”